Skateboard ikayamba kuvuta kuno ku Joni: yang'anani izi musanatulutse ndalama

Mvula ikangoyamba mu Okutobala, madandaulo a okwera skateboard kuno ku Joni amakhala amodzimodzi chaka ndi chaka: matayala aleka kuzungulira, pansi pakumveka phokoso, thabwa lalemera. Mphepo ya fumbi ikafika mu Ogasiti, nyimbo ndi yomweyo. Mwana amafika pakhomo n'kunena kuti yatha, pakufunika ina, ndipo kholo limene lagwira ntchito ya m'gadeni kapena ya m'nyumba mwezi wathunthu limangogwira m'mutu poganiza za marandi amene atuluke. Komatu nthawi zambiri skateboard imakhala isanathe. Zimene zimaivuta ndi madzi, fumbi, ndi nati yomasuka kapena yomangidwa mopitirira, ndipo izi zimakonzeka pakhonde ndi sipanala ndi kansanza.

Ndasanja mavutowa potengera chimene mukumva kapena kuona. Pansi pa chizindikiro chilichonse, chifukwa choyamba ndicho chofala kwambiri, chomaliza ndicho chosowa. Yambani pamwamba. Amene amayambira pansi ndi amene amagula mabeyaringi atsopano, tizitsulo ta timipira ta mkati mwa tayala tothandiza kuti lizizungulira, pamene vuto linali nati.

Zida zoti mukhale nazo

- Skate tool, kachida kooneka ngati chilembo T. Kamagwira manati onse atatu: ya tayala, imene ndi 1/2 inchi, ya kingipini (bawuti yaikulu ya pakati pa chitsulo chonyamula matayala), 9/16 inchi, ndi ya mabawuti a thabwa, 3/8 inchi.
- Ngati mulibe, sipanala ya 13 imagwira nati ya tayala ndipo ya 10 imagwira ya mabawuti. Ya kingipini ndi yovuta pang'ono chifukwa 14 imathina ndipo 15 imasewera, ndiye shifitingi ndi yabwinoko.
- Sikuludilaiva ya nyenyezi kapena Allen key, malinga ndi mitu ya mabawuti anu.
- Kansanza, singano, kabotolo kokhala ndi chivindikiro, kandulo, ndi oyilo wa makina osokera.

Chenjezo limodzi musanapite ku hadiweya. Skateboard inachokera ku America, choncho mazinga a manati ake ndi a mainchi, pamene manati ambiri ogulitsidwa kuno ndi a mamilimita. Nati ya M8 imaoneka ngati yalowa pa ekiselo, chitsulo chimene tayala limazungulirapo, imazungulira kangapo, kenako n'kudya mazinga onse. Mazinga a ekiselo ndi 5/16-24. Gulani manati ku sitolo ya ma skateboard, kapena tengani yakale m'thumba kuti akufananizireni.

1. Matayala akulemera kapena akulira mchenga

Ili ndiye vuto lalikulu la mumzinda uno, ndipo ndikhalitsapo.

Poyamba, musayese tayala pongolizungulitsa ndi dzanja n'kuwerenga masekondi. Beyaringi youma, yopanda oyilo n'komwe, imazungulira nthawi yaitali m'manja koma ikutha mkati. Yokhala ndi girizi imaima msanga m'manja koma imathamanga bwino munthu akakwera. Chimene muyenera kumvetsera ndi kukhwekhwereza, ndi kuona ngati tayala limodzi likuima msanga kusiyana ndi anzake atatu.

Zifukwa zake:

1. Nati ya tayala yamangidwa kwambiri. Gwirani tayala, likokeni ndi kulikankha chammbali. Liyenera kusewera pang'ono pokha, kakuti ke-ke. Ngati lili gwa, masulani nati pang'ono, pafupifupi kota ya mzunguliro, n'kuyesanso.
2. Tsitsi kapena ulusi wakulungana pa ekiselo. Amene mumadutsa m'misewu yodzaza masaluni ku Yeoville ndi Hillbrow mukudziwa za tsitsi lolukira limene limauluka paliponse. Chotsani tayala, dulani, pukutani.
3. Fumbi lalowa mu beyaringi. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala mvula siigwa kwenikweni, ndipo okhala chakummwera, pafupi ndi milu ya dothi la migodi, amalandira fumbi losalala kwambiri limene limalowa paliponse. Mankhwala ake ndi kutsuka.
4. Dzimbiri. Mwakwera pamadzi, kapena mvula ya masana ija inakupezani panjira. Mukaona timadzi tofiirira tikutuluka m'mbali mwa beyaringi, ndi limenelo. Ngati langoyamba, kutsuka kumathandiza. Ngati beyaringi yauma gwa, itayeni.
5. Mawashala asowa. Tayala lililonse limafuna timawashala tiwiri ting'onoting'ono, kamodzi mkati, kena pansi pa nati. Timagwa mosaoneka pochotsa tayala, ndipo tikasowa nati imakhudza chivindikiro cha beyaringi.
6. Beyaringi yasweka. Tayala limagwedera mozungulira, mwina timipira tachitsulo tagwa kale. Osakwerapo. Sinthani.

Katsukidwe kake:

- Masulani nati, tsetserezani tayala mpaka beyaringi yamkati ikhale kunsonga kwa ekiselo, ndiye pendeketsani tayala kuti ekiseloyo iizule. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi ndi inayo. Onse pamodzi ndi 8.
- Ngati chivindikiro ndi cha labala, chikoleni ndi singano pang'onopang'ono osachipinda. Chachitsulo chopanda kawaya kochigwira musalimbane nacho, ingotsukani chili chotseka.
- Ikani mabeyaringi m'kabotolo muli isopropyl alcohol wa ku famase kapena acetone, khutchumulani, tayani zakudazo, bwerezani mpaka zitayera. Zivindikiro za labala musaziike mu acetone, zipukuteni ndi sopo pazokha. Chitirani panja, kutali ndi mbaula, pulaimasi ndi ndudu. Petulo ayi.
- Aumitseni bwinobwino. Chinyezi chikatsalira mkati, mwaitana dzimbiri nokha.
- Donthezani madontho awiri a oyilo pa beyaringi iliyonse, izungulitseni, tsekani. Ochuluka amangoitana fumbi.

Nkhani ya oyilo ndi pamene ambiri amaonongera. Q20 ndi WD-40 ntchito yake ndi kumasula zadzimbiri, ndipo zikapoperedwa mu beyaringi zimatsuka mafuta amene analimo kenako n'kuuma. Tsiku loyamba tayala limathamanga mosangalatsa, pakatha sabata likulira kuposa kale. Mafuta ophikira amasanduka phula. Oyilo wa injini ndi wolemera. Wopangidwira mabeyaringi a skateboard alipo, monga Bones Speed Cream, koma wa makina osokera amagwira ntchito bwino lomwe, ndipo Amalawi sitisowa telala wodziwana naye.

Mukafuna kugula atsopano, mabeyaringi onse a skateboard ndi a saizi imodzi, 608: bowo la mamilimita 8, kunja 22, kunenepa 7. Masitolo ogulitsa mabeyaringi a makina amakhala nawo. Olembedwa 608-2RS ali ndi labala mbali zonse ndi girizi mkati. Amalemera pang'ono poyamba, koma kwa munthu amene amakwera popita kuntchito m'fumbi, ine ndingasankhe amenewo. Nambala ya ABEC yolembedwa pa paketi isakunyengeni: imanena za kulondola kwa kasulidwe ka makina othamanga kwambiri, siinena ngati beyaringi ipirire kudumpha ndi dothi.

2. Phokoso la gwedegwede mukamatera kapena mukamayenda

1. Mabawuti ogwira truck, chitsulo chonyamula matayala, ku thabwa amasuka. Gwirani truck ndi dzanja, igwedezeni. Ikasuntha pa thabwa, mangani onse anayi mopingasa, pang'onopang'ono, mpaka mutu wa bawuti ufanane ndi griptape, chipepala chokhakhala chomatidwa pamwamba pa thabwa. Osaumiza m'thabwa. Mukachedwa, mabowo amakula ndipo truck siikhazikikanso.
2. Manati atopa. Nati ya skateboard ili ndi kapulasitiki mkati kamene kamaigwira kuti isamasuke yokha. Mukaimasula kambirimbiri kamatha. Ngati nati ikuzungulira ndi zala mpaka kumapeto, ntchito yake yatha. Ndi yotchipa kuposa dzino.
3. Spacer ikusewera mkati mwa tayala. Ndi kachitsulo kakang'ono kokhala pakati pa mabeyaringi awiri. Phokoso lake ndi losowetsa mtendere koma si loopsa.
4. Tayala laphwatalala mbali imodzi. Phokoso lake ndi tu-tu-tu, ndipo limathamanga inu mukathamanga. Zimachitika mukamaima potsetsereza matayala chammbali, kapena tayala litakoka kamwala. Pang'ono pokha pamatha pokwera pa phula lokhakhala. Pakakhala pakuya, sinthani.
5. Pivot cup yang'ambika. Ndi kakapu ka labala mmene nsonga ya truck imalowa. Kakatha, chitsulo chimagunda chitsulo. Kalipo kogula pakokha, musagule truck yonse.
6. Kingipini ikugwedera m'malo mwake, kapena chitsulo cha truck chogwirana ndi thabwa chang'aluka. Apa imani. Onani gawo la zimene simuyenera kukonza nokha.

3. Kulira kwa kwii mukamakhota

Sikuopsa. Ndi labala wouma akukhulana ndi chitsulo, makamaka mu pivot cup. Masulani nati ya kingipini, zulani mbali yokhala ndi ekiselo, palirani kandulo kapena sopo wouma m'kakapu kaja, bwezerani. Oyilo musaikemo. Ngati kulira kukupitirira, yang'anani mabushi, timalabala tozungulira kingipini, ngati ang'aluka.

4. Ikukokera mbali imodzi

Ikani skateboard pa simenti yosalala, ikankheni yokha. Pevumenti yambiri inapendekeka dala kuti madzi azitsika, ndiye musayesere pamenepo.

1. Mabushi sanakhazikike. Ngati ndi atsopano, amakhalira mbali imene munakhotera komaliza. Imani pamwamba, tsamirani uku ndi uku kambirimbiri, kwerani masiku angapo osawamanga. Amakhala bwino okha.
2. Bushi yaphwanyika chifukwa chomangitsa. Tembenuzani muone. Labala akatuluka m'mbali mwa washala, kapena mazinga a kingipini akamaoneka ambiri pamwamba pa nati, mwapyola. Munthu wa thupi amene akuona kuti truck ndi yofewa asamange mpaka kuphwanya, agule mabushi olimba, a 95A kupita m'mwamba (nambala ya A ikakwera, labala ndi wolimba). Mwana wopepuka amafuna ofewa, a cha m'ma 87A mpaka 90A, apo ayi sakhota n'komwe.
3. Truck yakhala mopendekeka. Masulani mabawuti anayi, iwongoleni, mangani mopingasa.
4. Matayala adyeka mosiyana. Aliyense amakhotera kwambiri mbali imodzi, ndiye matayala ena amachepa msanga. Asinthanitseni mopingasa: lakutsogolo kumanzere lipite kumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanja lipite kumbuyo kumanzere.
5. Ekiselo yatsetsereka kapena yapindika. Mbali ina tayala lathina, mbali ina likusewera kwambiri. Yotsetsereka imabwerera poimenya kunsonga nati ili pomwepo kuti mazinga asaphwanyike. Yopindika siiwongoka.
6. Thabwa lapotoka. Liyang'aneni kuchokera kutsogolo muli mutatseka diso limodzi. Ngati kutsogolo ndi kumbuyo sizikugona mofanana, kapena tayala limodzi silikukhudza pansi, lapita. Chinyezi ndi dzuwa ndizo zimachita zimenezi.

Kuzizira nakonso kumachitako. M'mawa wa Juni ndi Julayi, chisanu chitagwa, mabushi amauma ndipo skateboard imakana kukhota. Musathamangire sipanala. Dzuwa likakwera amafewa.

5. Ikuima mwadzidzidzi n'kukuponyani kutsogolo

Pa mavuto onse, ili ndi limene limatumiza anthu kuchipatala.

1. Kamwala, galasi losweka kapena mng'alu wa msewu. Ambiri amagula skateboard yokhala ndi matayala a kupaki, a mamilimita 52 mpaka 54, olimba 99A kapena 101A, kenako n'kumayenda nayo pa phula la ku Rosettenville kapena Turffontein. Matayala amenewo anapangidwira malo osalala monga rampu kapena bwalo la Library Gardens m'tauni, kumene anyamata akhala akusewerera kwa zaka zambiri. Akakumana ndi kamwala kochepa amaima nji. Ngati skateboard yanu ndi yoyendera, ikani matayala ofewa, 78A mpaka 87A, a mamilimita 56 mpaka 60. Kusiyana kwake mudzakumva m'mapazi tsiku lomwelo. Ngati ndi yamasewera, nyamulani tsache musese malo musanayambe. Palibe manyazi pamenepo.
2. Tayala likukhudza thabwa pokhota, chimene okwera amati wheel bite. Tembenuzani thabwa, muona timabala tozungulira pamwamba pa matayala. Mangani kingipini pang'ono, kapena ikani mabushi olimba. Kupaka kandulo pa timabalato kumathandiza kuti tayala literere m'malo moima. Ngati mwaika matayala aakulu monga ndanenera pamwambapa, pakufunika riser, kapulasitiki koika pakati pa truck ndi thabwa, ka 1/8 kapena 1/4 inchi. Mukaika riser mufunikanso mabawuti aatali: 1 1/8 inchi pa kakang'onoko, 1 1/4 pa kakakuluko. Bawuti yaifupi siifika pa kapulasitiki ka nati, ndipo imamasuka muli paliwiro.
3. Truck yaikidwa chotembenuza. Zimachitika kwa amene wangosintha thabwa yekha koyamba. Makingipini onse awiri ayenera kuyang'anana, kuloza pakati pa thabwa. Ikatembenuka, mukatsamira kumanja skateboard imachita zina.
4. Beyaringi yagwira yokha. Bwererani ku gawo loyamba.

Mbale wake wa vutoli ndi kuterera. Mu Okutobala ndi Novembala maluwa a jacaranda amadzaza misewu ya Kensington, Melville ndi Houghton. Ndi okongola pa chithunzi, koma akanyowa n'kupondedwa amaterera, ndipo amabisa maenje ndi timiyala. Tsikani, nyamulani.

6. Ikunjenjemera mukamatsika chitunda

Joni si mzinda wachigwa. Wokhala ku Yeoville akalunjika Bez Valley kudzera Stewart Drive, kapena wotsika Munro Drive, amapeza liwiro limene sanalipemphe.

1. Thupi lili kumbuyo. Mantha amamukokera munthu kumbuyo, ndipo kutsogolo kukapepuka skateboard imayamba kuvina. Pindani mawondo, ikani thupi pa phazi lakutsogolo, pamwamba pa mabawuti, ndipo musaumitse miyendo.
2. Truck yakumbuyo ndi yomasuka kuposa yakutsogolo. Ziyenera kukhala mosemphana: yakumbuyo yolimbirapo.
3. Mabushi kapena pivot cup zatha.
4. Skateboard yake si ya ntchito imeneyo. Yaifupi ya masewera siinapangidwire zitunda zazitali.

Lamulo langa ndi lakuti amene sanaphunzire kuima pokhweretsa phazi lakumbuyo pansi asatsike chitunda chimene sangathe kudumphapo n'kuthamanga. Ndipo misewu imeneyi ili ndi makona obisika, matekisi, ndi maloboti amene nthawi zina amakhala atazima. Woyendetsa galimoto sakuyembekezera munthu pa thabwa.

7. Thabwa lalemera, silikudumpha ngati kale

Thabwa labwino limapangidwa ndi timapepala 7 ta mtengo wa maple tomatidwa ndi guluu. Likakhala lamoyo, mukamenya mchira wake pansi limalira mouma, kuti phaa. Likafa limati bhu.

1. Lamwa madzi. Silibwerera mwakale. Chimene mungachite mvula ikakupezani ndi kupukuta nthawi yomweyo, kuchotsa matruck, kuumitsa thabwa pamthunzi podutsa mphepo, ndi kutsuka mabeyaringi tsiku lomwelo. Osaliika pa hitala kapena padzuwa la masana. Kuno tili pamtunda wa mamita opitirira 1,700 ndipo dzuwa lake limapotola thabwa lonyowa. Amene mumakhala m'zipinda zakuseri kwa nyumba, musaligoneke pa simenti ya chinyezi kapena kulisiya pakhonde usiku. Liimikeni mkati, kapena likolekeni pa msomali.
2. Mchira wadyeka mpaka kuthwa. Chimachititsa ndi kuima pokhweretsa mchira pansi. Mchira wotere sudumphitsa, umabenthuka, ndipo umacheka akakolo ngati chikwanje. Sandipepa amaubuntha kuti usavulaze, koma kudumpha kwake sikubwerera. Phunzirani kuima ndi phazi.
3. Timapepala tayamba kulekana kunsonga. Ngati pangoyamba, thirani guluu wa matabwa, panani ndi kalampu usiku wonse. Kalipentala aliyense angakuthandizeni.
4. Ming'alu. Timizere tating'ono totsata utali wa thabwa pafupi ndi mabawuti ndi tachizolowezi. Mng'alu wodutsa chopingasa, kapena thabwa likamalira tsee mukaimapo, ndiye kuti likuthyoka. Lekani.

Osataya zonse chifukwa cha thabwa. Matruck amakhala zaka, ndipo amasamukira pa thabwa latsopano limodzi ndi matayala. Ingoonetsetsani kuti utali wa ekiselo ukufanana ndi mulifupi mwa thabwa, monga mainchi 8 kapena 8.25.

8. Phazi likuterera, nsapato zikutha msanga

- Matope ofiira auma pa griptape: tsukani ndi burashi yolimba yonyowa pang'ono, kagawo kakang'ono nthawi imodzi, n'kupukuta msanga. Labala wotsukira malamba a sandipepa, wopezeka ku hadiweya, amachotsa fumbi popanda madzi. Payipi ayi.
- Griptape yasalala pamene mapazi amakhala: sinthani. Choumitsira tsitsi chimafewetsa guluu kuti yakale imatuke bwino.
- Pansi pa nsapato pasalala: vuto si skateboard.

Za kubooka kwa nsapato, makolo musadabwe, si mwana wanu yekha. Podumpha, mbali ya nsapato imakhula pa griptape, ndipo ya nsalu imabooka m'masiku ochepa. Ya chikopa cha suede imapirira. Pakani guluu wa nsapato monga Shoe Goo pamalo odyeka bowo lisanaoneke, ndipo nsapato ya kusukulu ikhale ya kusukulu basi.

Zimene simuyenera kukonza nokha

Pitani ku sitolo ya ma skateboard ngati:

- kingipini yathyoka kapena ikugwedera, chifukwa imafuna kukhomedwa ndi chida choyenera ndipo nyundo ya pakhomo imang'amba chitsulo cha pansi;
- mazinga a ekiselo atha, poti amakhala ndi chida chowabwezeretsa;
- mkombero wa beyaringi yosweka watsalira m'tayala;
- mukugula yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook Marketplace ndipo simudziwa choyang'ana.

Truck yong'aluka musapite nayo kwa wowotcherera. Ndi aluminiyamu wosungunula, ndipo yowotcherera imathyoka popanda chenjezo. Chimodzimodzinso ma skateboard a m'masitolo a zidole, okhala ndi matruck a pulasitiki ndi matayala osazungulira: amenewo sakonzeka, ndipo ndalama yosinthira zida zake ndi bwino kuisunga kuti mudzagule yakale koma yeniyeni. Kwa ana amene akufuna kuphunzira mwadongosolo, bungwe la Skateistan linatsegula sukulu yake ku New Doornfontein mu 2016, ndipo ndi bwino kukafunsa za kalembetsedwe.

Pamene chavuta ndi thupi

Apa palibe sipanala.

*Kubinya phazi.* Ndiko kofala. Masiku awiri oyamba pumulani, kwezani mwendo, ikani ayisi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Ndikudziwa kuti kwathu tinazolowera kuthowa ndi madzi otentha ndi kukoka, koma pa tsiku loyamba kutentha kumawonjezera kutupa, ndipo kukoka fupa losweka n'koopsa. Pitani kukajambulitsa X-ray ngati simungathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, ngati fupa lenilenilo likupweteka mukalidina, ngati phazi lapindika, kapena lachita dzanzi.

*Dzanja.* Munthu akamagwa amatsogoza chikhatho. Mukamva ululu m'kadzenje ka m'munsi mwa chala chachikulu, musanyozere ngakhale kutupa kuli kochepa. Pamenepo pali kafupa kotchedwa scaphoid, kamene kamathyoka mosaonekera, nthawi zina osaoneka ngakhale pa X-ray yoyamba, ndipo kakachedwa kuthandizidwa sikalumikizana bwino. Kwa ife amene timadya za manja athu, mmisiri, telala, wometa, imeneyi si nkhani yocheza.

*Mabala a phula.* Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo mpaka timiyala tonse titachoka, kenako phimbani. Likakhala lakuya, kapena lachekedwa ndi chitsulo kapena galasi lakuda, kafunseni za katemera wa kafumbata. Kufiira kofalikira, mafinya ndi kutentha thupi zikufuna kiliniki.

*Mutu.* Amene wamenyetsa mutu asakwerenso tsiku limenelo, ngakhale anene kuti ali bwino, ndipo asasiyidwe yekha. Itanani ambulansi pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja, ngati:

- anakomoka, ngakhale kwa kanthawi;
- akusanza, kapena mutu ukupweteka mowonjezereka;
- akusokonezeka, akubwereza funso lomwelomwelo, kapena akuodzera mosadzutsika;
- magazi kapena madzi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno;
- khosi likupweteka, kapena manja ndi miyendo zafooka. Wotereyu musamunyamule.

Helemeti imene yamenyedwa mwamphamvu isinthidwe ngakhale ikuoneka yabwino kunja, chifukwa chamkati chimaphwanyika kamodzi.

Anyamata ena amakakamira kukwera atavulala poopa kusekedwa. Boipelo Awuah, mtsikana wokwera skateboard wa ku Kimberley, anafika mpaka ku Tokyo mu 2021, pamene skateboard inalowa koyamba m'masewera a Olympics, koma atavulala pokonzekera sanapikisane. Anachira, ndipo mu 2024 anakapikisana ku Paris.

Palinso ena amene amabisa kuvulala chifukwa cha mapepala. Achimwene, achemwali, gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Zipatala za boma monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph ku Auckland Park ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto zili ndi mbali ya ovulala mwadzidzidzi. Tengani chiphaso chilichonse chimene muli nacho, pitani ndi munthu wina woti akuthandizeni kufotokoza, ndipo muwauze nthawi imene munagwa ndi mbali imene munamenyetsa.